Shelefu ya m'bafa yopirira chinyezi cha kunyanja ku Salima

Nyumba zatsopano zikunka zichuluka m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay. Ena akumanga malo ogona alendo, ena nyumba za lendi, pamene ena ndi anthu ogwira ntchito ku Lilongwe omwe akufuna pofikira kumathero a sabata kapena pokakhala akadzapuma pantchito. Ambiri amaika mtima pa denga, matailosi ndi khonde loyang'ana kunyanja, koma za poika sopo, mswachi ndi thaulo amazikumbukira nyumba itatha kale. Mapeto ake amagula kabati yonyezimira m'sitolo ya mumzinda n'kuikhoma m'bafa, ndipo pasanathe madzinja awiri matabwa ake amakhala atafufuma, zitseko zikukana kutsekeka.

Ndalama zimatayika chotero, komanso pali zina zoposa ndalama. Shelefu ya m'bafa ndi imene imachititsa kuti sopo apezeke pafupi munthu akachoka m'chimbudzi, kuti mankhwala oopsa atalikirane ndi manja a mwana, ndiponso kuti thaulo liume m'malo moyanga nkhungu. Choncho posankha shelefu kunyanja, choyamba kuganizira ndi chinyezi, chachiwiri ndi umoyo wa a pabanja, ndipo kukongola kumabwera pambuyo pa ziwirizi.

Chifukwa chake bafa la kunyanja ndi lovuta

Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1 000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene gombe la nyanja ya Malawi lili pansi pa mamita 500. Kutsika kumeneku n'komwe kumachititsa kuti Salima azitentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30. Mvula ikayamba, kutenthako kumaphatikizana ndi chinyezi chochokera kunyanja ndi m'madambo, ndipo mpweya umakhala wonyowa kwa miyezi ingapo.

Mpweya wotere sulola kuti chinthu chonyowa chiume msanga. M'bafa, momwe madzi amathiridwa kangapo patsiku, thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, kenaka limauma ndi kukhwinyata m'chilimwe. Kufufuma ndi kukhwinyata kumeneku kukabwerezedwa, guluu amamasuka, misomali imagwedera ndipo penti imasupuka. Chitsulo chimachita dzimbiri ngakhale kuti madzi a nyanja ya Malawi alibe mchere, pakuti dzimbiri limangofuna madzi ndi mpweya. Pamalo pamdima ndi ponyowa pamayanga nkhungu yakuda, pamabisala mphemvu, ndipo udzudzu umakonda kupumapo masana. Pansi pa nthaka napo pali chiswe, chomwe chimalondola thabwa lililonse lokhudzana ndi pansi kapena khoma lonyowa.

Phunziro lochokera ku thandala

Njira yothana ndi chinyezi idadziwika kale kumidzi. Thandala loyanikapo mbale limamangidwa mokwera, ndi timitengo toyalidwa motalikirana pang'ono, kuti madzi azidontha pansi ndipo mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba pomwe. Mbale zimauma popanda wozipukuta. Shelefu yabwino ya m'bafa la kunyanja imatsata nzeru yomweyi.

M'malo mwa thabwa limodzi lathyathyathya, mmisiri angathe kuyala timatabwa ting'onoting'ono, kusiya mpata wa pafupifupi sentimita imodzi pakati pake. Kumbuyo kwa shelefu kukhale mpata wa masentimita awiri kuti isagunde khoma, popeza madzi otsetsereka pakhoma amakonda kuima pomwe thabwa lakumana ndi pulasitala. Shelefu yapansi kwambiri ikhale masentimita osachepera 30 kuchokera pansi, kuti chokolopera chizidutsa komanso madzi osambira asamaithovukire.

Kukula kwake nakonso n'kofunika. Zinthu zambiri za m'bafa, monga mabotolo a mafuta odzola, sopo ndi mankhwala otsukira mano, zimakwana pashelefu ya masentimita 15 mpaka 20 kuchoka kukhoma. Yotambalala kuposa apa imangopanikiza malo m'chipinda chomwe n'chaching'ono kale, ndipo zinthu zokankhidwira kumbuyo zimaiwalika mpaka kuwonongeka. Mathaulo opinda okha ndiwo amafuna masentimita pafupifupi 30.

Pa chifukwa chomwechi, shelefu yapoyera imaposa kabati yotsekedwa ponseponse. Ngati zitseko zikufunika, zikhale ndi timipata tolowetsa mpweya kapena sefa wa waya. Bafalo likhalenso ndi zenera lotseguka kapena njerwa zamabowo chakumtunda kwa khoma, zotchingidwa ndi sefa woletsa udzudzu. Popanda polowera mphepo, ngakhale shelefu ya mtengo wapatali siichedwa kuwonongeka.

Matabwa oyenera ndi osayenera

Makabati ambiri otsika mtengo ogulitsidwa m'masitolo amapangidwa ndi utuchi kapena tizidutswa ta mitengo tophatikizidwa ndi guluu, tokutidwa ndi chikopa chopyapyala chonyezimira. Amisiri amawatchula kuti chipboard kapena MDF. M'chipinda chogona amatha kukhala zaka, koma m'bafa madzi akangolowa m'mphepete kapena pabowo la sikuluwu, mkati mwake mumafufuma ngati buledi wonyikidwa mu tiyi ndipo sabwereranso mwakale. Apa mpomwe mwambi wa chikomekome cha mkuyu umakwanira.

Paini, yemwe amachokera ku nkhalango zobzalidwa monga Chikangawa, Dedza ndi Zomba, ndiye thabwa lopezeka mosavuta. Ndi wopepuka ndiponso wosavuta kupala, koma ndi wofewa ndipo chiswe chimamukonda. Akhoza kugwira ntchito m'bafa ngati ndi wouma bwino, wathiridwa mankhwala oteteza ku chiswe, ndipo wapakidwa vanishi kapena penti ya mafuta katatu. Bulugamu ndi wolimba kuposa paini, koma amang'aluka ndi kupindika akagwiritsidwa ntchito asanaumitsitse.

Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yomwe amisiri akhala akuitamanda kuyambira kale. Mlombwa sufufuma kapena kukhwinyata kwambiri nyengo ikasintha, ndipo chiswe sichiulowa wamba. Koma mitengo yachilengedwe imeneyi yatha m'madera ambiri, ndipo kuidula popanda chilolezo cha nthambi ya za nkhalango ndi mlandu. Wogula thabwa la mlombwa lomwe sakudziwa kochokera angathe kukhala akuthandiza kupulula nkhalango zotetezedwa monga ya Thuma, yomwe mbali yake ili m'boma la Salima lomweli. Njira yabwino ndiyo kugwiritsa ntchito matabwa akale: chitseko chakale cha mlombwa kapena bedi lothyoka limatulutsa mashelefu angapo, ndipo thabwa lotere lidauma kalekale.

Kaya thabwa ndi la mtundu wanji, lipakidwe mbali zonse lisanakhomedwe, kuphatikizapo kunsi, kumbuyo ndi kumapeto komwe sowo yadula. Kumapetoko n'komwe kumamwa madzi kwambiri, koma n'komwenso opaka penti amakonda kulumpha chifukwa sikuoneka. Vanishi wopangidwira maboti ndi zinthu za panja amapirira kuposa wa mipando ya pabalaza.

Nsungwi ndi mlaza

Nsungwi zimapezeka m'madera ambiri a Salima ndipo zimaphukanso zikadulidwa, motero n'zoyenera kwa wofuna shelefu yotsika mtengo yooneka mwachikhalidwe. Vuto lake ndi kufumbwa. Tizilombo tofumbula timatsata chakudya chomwe chimakhala mkati mwa nsungwi. N'chifukwa chake amisiri odziwa amasankha nsungwi zokhwima, za zaka zitatu kapena zinayi, n'kuziviika m'madzi kwa milungu ingapo kuti chakudyacho chisungunuke, kenaka n'kuziumitsa pamthunzi. Zoumitsidwa padzuwa lamphamvu zimang'aluka. Nsungwi sizifuna kukhomedwa msomali mwachindunji: mmisiri aboole kaye bowo, kapena azimange ndi chingwe cholimba.

Madengu ndi timitanga ta mlaza, tomwe timagulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa misewu ya kunyanja, timathandiza kusonkhanitsa tinthu ting'onoting'ono monga zipeso, malezala ndi mapepala a m'chimbudzi. Timalowetsa mpweya, koma tikanyowa kawirikawiri timada ndi nkhungu. Malo ake ndi shelefu yakumtunda, kutali ndi posambira, ndipo tizitulutsidwa padzuwa kamodzi pasabata m'nyengo ya mvula.

Simenti, galasi, chitsulo ndi pulasitiki

Kwa amene nyumba yake ikadali kumangidwa, shelefu yolimba koposa ndi yomangira limodzi ndi khoma. Womanga amasiya kaphanga m'khoma la posambira, n'kukapaka pulasitala ndi kuikamo matailosi. Kaphanga kotere sikatenga malo, sikaola, ndipo chiswe chilibe nako ntchito. Chofunika n'chakuti pansi pake papendekeke pang'ono cha kutsogolo kuti madzi asamaime. Njira ina ndiyo kuumba silabu yopyapyala ya konkire, yochindikala pafupifupi masentimita asanu, yokhala ndi waya mkati, n'kuilowetsa m'khoma pomanga. Zonsezi zimafuna kuganiziridwa pulasitala asanapakidwe; kugumula khoma lomwe laikidwa kale matailosi n'kodula.

Galasi siliopa madzi ndipo limapangitsa bafa laling'ono kuoneka lotakasuka. Koma galasi wamba la m'mazenera likasweka limasiya zidutswa zakuthwa ngati mpeni, pamalo pomwe anthu amaponda opanda nsapato. Loyenera ndi galasi lolimbitsidwa ndi moto, lomwe amalonda amalitchula kuti tempered glass, lochindikala mamilimita 6 kapena 8, losalazidwa m'mphepete. Likasweka limanyenyeka n'kukhala tizidutswa tosacheka kwambiri.

Amisiri owotcherera zitsulo amapanga mashelefu olimba, koma chitsulo wamba chimafuna kupalidwa, kupakidwa penti yoyamba yoletsa dzimbiri, kenaka penti ya mafuta. Dzimbiri limayambira pomwe awotcherera ndi kumiyendo, ndipo limasiya mizere yofiira pamatailosi. Aluminiyamu ndi chitsulo chosachita dzimbiri cha stainless steel n'zokwera mtengo koma zimapirira. Zitsulo zonyezimira zotsika mtengo nthawi zambiri zimangokhala zokutidwa kunja, ndipo chokutiracho chikakalika dzimbiri limatulukira.

Pulasitiki ambiri amaipeputsa, komabe kwa wokhala m'nyumba ya lendi ndi yothandiza: siiola, imatsukika, ndipo imanyamulika posamuka. Imangofuna kutetezedwa ku dzuwa, lomwe limaiumitsa mpaka kuthetheka. Wa lendi angathenso kukhomesa shelefu yooneka ngati makwerero yongotsamiritsa kukhoma, yomwe siifuna kuboola khoma la eni ake. Miyendo yake ivekedwe timphira kuti isaterereke kapena kumwa madzi, ndipo ngati pakhomo pali ana aang'ono imangiriridwe kumtunda kuti isawagwere akafuna kukwerapo.

Kukhoma kuti isagwe

Shelefu imalimba malinga ndi khoma lomwe yakhomedwapo. Nyumba zambiri zidamangidwa ndi njerwa zootcha zolumikizidwa ndi dothi, ndipo sikuluwu yolowa m'dothilo imazuka mosavuta. Bowo liboolodwe pakati pa njerwa yeniyeniyo. Kuchokera mu 2018, pomwe boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda, mabuloko a simenti afala, ndipo ambiri ndi amphako mkati. Pa mabuloko otere pamafunika mapulagi opangidwira makoma amphako, kapena kulunjika pomwe buloko ndi logwirana. Masikuluwu akhale a mkuwa kapena a stainless steel, chifukwa achitsulo wamba amadyeka ndi dzimbiri mkati mwa khoma momwe diso silifika, mpaka tsiku lina shelefu imagwa yokha.

Asanaboole, mwininyumba adziwe momwe mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi adutsa. Kawirikawiri amayenda molunjika kumtunda kapena kumunsi kuchokera pampopi kapena pa swichi, choncho mizere imeneyi ndi yoyenera kuipewa.

Pali chifukwa chinanso cholimbitsira mashelefu ku Salima. Bomali lili m'chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malawi, ndipo chigwachi chimachita zivomezi. Pa 10 Malichi 1989, chivomezi champhamvu chidagwedeza dera la Salima, n'kupha anthu 9 ndi kusiya ena pafupifupi 50 000 opanda pokhala. Zivomezi zing'onozing'ono zimamveka nthawi ndi nthawi. Kamtanda kakang'ono kutsogolo kwa shelefu, kotalika masentimita awiri kapena atatu, kamaletsa mabotolo kugwa. Zolemera ndi zosweka zikhale mmunsi, ndipo pamwamba pa malo osambitsira mwana pasakhale chilichonse cholemera.

Omanga pafupi kwambiri ndi gombe akumbukirenso kuti nyanja imakwera. Mu 2024 madzi adasefukira n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Kabati yokhala pansi ndiyo imayamba kuwonongeka zikatero, pamene shelefu yopachikidwa pakhoma imapulumuka.

Chilichonse pamalo pake

Malo abwino koposa, ofikirika kwa wamkulu ndi mwana yemwe, ndi a sopo wosambira m'manja. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno, udakhudza kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo Salima. Kusamba m'manja ndi sopo ndi imodzi mwa njira zomwe a zaumoyo amalimbikitsa, koma munthu sasamba ngati sopo ali kutali kapena wasungunuka m'madzi. Mbale ya sopo ikhale ndi mabowo kunsi, ndipo ikhale pafupi ndi mpopi kapena ndowa, pamsinkhu woti mwana wa sukulu afikepo.

Miswachi iimikidwe m'kapu yoboola kunsi, mitu ili m'mwamba ndiponso yosakhudzana, kutali ndi chimbudzi. Madzi akamagujumulidwa, timadontho tosaoneka timauluka n'kugwera pa zinthu zapafupi, motero shelefu yapamwamba pa thanki ya chimbudzi ndi yoyenera zinthu zotsekedwa zokha. Chinkhupule chipachikidwe pambedza kuti chidonthe. Thaulo lonyowa lisapindidwe n'kuikidwa pashelefu. Litambasulidwe pamtanda, kapena liyanikidwe pachingwe padzuwa. Loyanikidwa pansi kapena pamchenga ntchentche zimatha kuikirapo mazira omwe amasanduka mphutsi zolowa pakhungu.

Mankhwala otsukira m'chimbudzi, jiki ndi klorini wothira m'madzi zikhale pashelefu yapamwamba, yopitirira mita imodzi ndi theka, kapena m'kabati yokiya. Zisungidwe m'mabotolo ake enieni. Kuthira mankhwala kapena parafini m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi n'komwe kumachititsa ana ambiri kumwa poizoni, poganiza kuti ndi chakumwa. Jiki asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, pakuti kusakaniza kumeneku kumatulutsa mpweya woopsa womwe m'chipinda chaching'ono umatha kubanikitsa munthu.

Mankhwala a kuchipatala alibe malo m'bafa. M'mafilimu a kunja anthu amaoneka akutenga mapiritsi m'kabati ya pagalasi la m'bafa, ndipo ena atengera chizolowezichi. Koma pamapaketi a mankhwala ambiri pamalembedwa kuti asungidwe pouma, pamalo posatentha kupitirira madigiri 25 kapena 30. Bafa la ku Salima limaphwanya malangizo onse awiriwa. Mapiritsi a malungo, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV asungidwe m'chipinda chozizirirapo, m'bokosi lotsekedwa lomwe ana sangafikire.

Bafa la panja

Mabanja ambiri m'midzi ya asodzi ndi m'makwalala a tauni ya Salima amasamba m'bafa la panja, la njerwa, la bango kapena la udzu, nthawi zina logwiritsidwa ntchito ndi mabanja angapo. Kumeneku sopo wosiyidwa pamwala amasungunuka ndi mvula, kapena kutengedwa ndi makoswe, mbuzi ndi akhwangwala. Kathandala kakang'ono ka nsungwi pakona, kofika m'chiuno, kamakwana kuikapo beseni ndi zovala. Chigubu chodulidwa pakati, choboola kunsi ndi kupachikidwa pamtengo, chimasunga sopo ndi chinkhupule. Pa mpondagiya wa pafupi ndi chimbudzi, sopo abooledwe pakati n'kumangidwa pachingwe, ndi kuvindikiridwa ndi kachitini kozondotsa kuti mvula isamufike. M'bafa la anthu ambiri, banja lililonse likhale ndi kabasiketi kake konyamula, makamaka chifukwa lezala ndi mswachi si zobwerekana.

Zokongoletsa

Zonsezi zikakonzeka, kukongoletsa kumakhala kosavuta. Zoumbaumba zowotchedwa, monga zomwe zimapangidwa ku Dedza Pottery, siziopa chinyezi. Miyala yosalala ya kunyanja ndi kadengu kamodzi ka mlaza n'zokwanira pashelefu imodzi. Ziboliboli zamtengo zomwe zimagulitsidwa ku Senga Bay zimang'aluka kapena kuyanga nkhungu m'bafa, choncho malo ake ndi pabalaza. Maluwa oviikidwa m'madzi ndi timbale ta pansi pa miphika ya maluwa timasanduka moswanirana udzudzu ngati madzi sakutayidwa pafupipafupi.

Kwa eni malo ogona alendo, shelefu yodzaza ndi zokongoletsa imasowetsa mlendo poika chikwama chake cha zosambira. Theka la shelefu lisiyidwe lopanda kanthu, pakhale mbedza zokwanira zopachikapo zovala zonyowa zosambira m'nyanja, ndipo pansi pasakhale zotchinga kuti mchenga uzisesedwa mosavuta.

Amisiri a matabwa ndi a zitsulo alipo ambiri pa boma la Salima ndi ku Senga Bay, komwe kulinso sukulu ya ntchito zamanja ya Salima Technical College. Wopereka ntchito afunse mtundu wa thabwa ndi kochokera, aone ngati lauma, agwirizane za masikuluwu ndi vanishi mtengo usanadulidwe, ndipo aione shelefuyo kunsi ndi kumbuyo isanakhomedwe. Ikakhomedwa, chaka chilichonse mvula isanayambe, cha mu Okutobala, ndi nthawi yabwino yoitsitsa katundu yense, kuyang'ana njira za chiswe, kumanga masikuluwu omwe agwedera ndi kupakanso vanishi pomwe wayamba kusupuka.